Mafunso a Owerenga: Bowa Amene Amapirira Poizoni wa Zitsulo M'nthaka

Mvula ikangokhazikika, makalata ofunsa za bowa amachuluka. Mwezi uno tasankha atatu amene akukhudza nkhani imodzi, ya bowa wa m'nkhalango womera pa nthaka yoipitsidwa ndi migodi kapena mafakitale osungunula zitsulo.

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Mzimba. Ndinamva kuti ku Ulaya kuli bowa womera pansi pa mitengo ya paini m'malo amene nthaka yake inaipa ndi zitsulo mpaka udzu unaleka kumera. Nditawafotokozera ana m'kalasi, anandifunsa ngati bowayo anachita kuzolowera poizoniyo kapena anabadwa ndi mphamvuyo, ndiponso ngati pali jini imodzi imene imachititsa zimenezi. Ndithandizeni kuti ndikawayankhe zoona.

Yankho: Aphunzitsi, ana anuwo afunsa funso lomwe akatswiri a ku Belgium akhala akulifufuza kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Tisanafike ku Belgium, ndibwino kuti anawo aone ndi maso awo chinthu chimene tikukamba, popeza inu muli pafupi ndi nkhalango ya Chikangawa. Chimene timazula n'kukaphika ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa ndi tiulusi tosalala kwambiri toyanga m'nthaka. Kankhani masamba ouma pansi pa mtengo wa paini, mufukule pang'ono ndi chala, ndipo mupeza timizu tafupitafupi, tonenepa kunsonga, tambiri togawika pawiri ngati mphanda, tokutidwa ndi kansalu koyera kapena kachikasu. Kansalu kameneko ndi bowa. Amakuta nsonga ya muzu ngati chipewa, tiulusi tina n'kulowa pakati pa maselo a muzuwo, tinanso n'kutuluka kukafika kutali kumene muzu sungafike. Bowa amabweretsera mtengo madzi ndi zakudya za m'nthaka monga fosiforasi ndi nayitirojeni, ndipo mtengo umamubwezera shuga wopangidwa m'masamba. Katswiri wa ku Germany, Albert Bernhard Frank, ndiye anapatsa ubale umenewu dzina loti mycorrhiza mu 1885, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza bowa ndi muzu. Popeza kansalu kaja kamatchinga nsonga ya muzu, zambiri zimene mtengo umayamwa zimayamba zadutsa mwa bowa. Nthaka ikakhala ndi poizoni, woyamba kukumana naye ndi bowa.

Bowa amene wafufuzidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi Suillus luteus. Chipewa chake n'chofiirira, chimaterera mvula ikagwa, kunsi kwake kuli timabowo ngati siponji ndipo pa tsinde pake pali mphete. Amakonda mitengo ya paini yaing'ono yomera pa dothi lamchenga losauka. Kumpoto chakum'mawa kwa Belgium, m'chigawo cha Limburg, kunali mafakitale angapo osungunula zinki, ndipo imodzi mwa izo, ya ku Maatheide m'tauni ya Lommel, inagwira ntchito kuyambira 1904 mpaka 1974. Utsi ndi fumbi lake zinagwetsera zitsulo za zinki, cadmium ndi mtovu pa mchenga wa m'deralo mpaka malo aakulu anasanduka chipululu. Nthaka wamba siposa kawirikawiri mamiligalamu 100 a zinki pa kilogalamu, koma pamalo oipitsitsa a ku Maatheide muyeso unafika m'masauzande. Ngakhale zinali choncho, mitengo ina ya paini inamera m'mbali mwa chipululucho, ndipo pansi pake panatuluka bowa.

Jan Colpaert ndi anzake a pa yunivesite ya Hasselt ku Belgium komweko anatola bowayo, natolanso wa mtundu womwewo m'nkhalango zosaipitsidwa. Ankadula kachidutswa ka mkati mwa chipewa, kukaika m'kambale kagalasi kokhala ndi chakudya, n'kudikira kuti tiulusi tiyange mozungulira ngati thonje. Kenaka ankasamutsira tiulusito m'timbale tokhala ndi zinki wochulukirachulukira. Bowa wochokera m'nkhalango zabwino ankasiya kukula msanga, pomwe wochokera pafupi ndi fakitale ankapitiriza kuyanga. Mfundo yoyankha funso loyamba la ana anu ndi iyi: asanayesedwe, bowa yense ankayamba waleredwa kangapo pa chakudya chopanda zinki wowonjezera, kuti ngati kunali kuzolowera chabe kuthe, koma mphamvu ija sinathe. Choncho inali yachibadwa, yolembedwa mu DNA, uthenga wa m'maselo umene chamoyo chimatengera kwa makolo ake. Zimene anasindikiza mu 2004 zinaonetsanso kuti bowa wopirira ankachuluka pafupi ndi mafakitale n'kumachepa munthu akamatalikira, ndiponso kuti abale ake awiri, Suillus bovinus ndi Rhizopogon luteolus, anasintha chimodzimodzi. Koma mtundu wina wa m'nkhalango zomwezo, Paxillus involutus, sunaonetse kusiyana kotere pakati pa wa pamalo oipa ndi wa pamalo abwino. Si bowa aliyense amene amayankha poizoni mwa njira imodzi.

Tsopano za majini. Mawuwa sakunena za mizimu imene ena amaitchula ndi dzina lomweli, koma tizigawo ta DNA, kalikonse kokhala ndi malangizo opangira puloteni inayake m'selo. Kuti anawo amvetse chifukwa chake majini ofunika pano ndi ambiri, ayambe adziwa kuti zinki si mdani weniweni. Chamoyo chilichonse chimafuna zinki pang'ono kuti mapuloteni ake ambirimbiri agwire ntchito, ndipo mkuwa ndi chimodzimodzi. Selo silingangotseka chitseko n'kukana zinki yense, chifukwa lingafe ndi njala. Liyenera kulowetsa wokwanira, kusunga wotsala ndi kutaya wopyola muyeso. Cadmium ndi mtovu ndiye zilibe ntchito m'thupi la bowa, koma cadmium amafanana kwambiri ndi zinki mwakuti amazembera pa zitseko zomwezo n'kukakhala pamalo a zinki m'mapuloteni, ntchito n'kuima.

Pa khungu la selo pali mapuloteni ogwira ntchito ngati alonda a pachipata. Mwa Suillus luteus, akatswiri a ku Hasselt anafotokoza jini yotchedwa SlZRT1 mu 2017, kenaka SlZRT2, zomwe zimapanga alonda olowetsa zinki. Zinki akasowa SlZRT1 imagwira ntchito mwamphamvu, akachuluka imachepetsa. Anafotokozanso SlZnT1 ndi SlZnT2, za banja lina la mapuloteni amene amachotsa zinki pakati pa selo. Ntchito ya SlZnT1 ikukhudzana ndi kututira zinki m'kathumba ka mkati mwa selo kamene kali ngati nkhokwe, komwe sangawononge kanthu. Njira yodziwira ntchito ya jini yotere ndi yosavuta kuifotokoza m'kalasi. Amatenga yisiti, yemweyo wofufumitsa buledi, koma wochotsedwa jini yake yosungira zinki, kotero kuti amafa akangokumana ndi zinki wambiri. Akamulowetsa jini ya bowa n'kuona kuti wayambanso kukula, amadziwa kuti jiniyo ikugwira ntchito imene inasowa ija.

Chimene chinadabwitsa ofufuza n'chakuti bowa wopirira sanali wodzaza ndi zinki kuposa mnzake. Pomuyeza anapeza kuti m'thupi mwake muli zinki wochepa kusiyana ndi wa bowa wosapirira woleredwa pa chakudya chofanana. Nzeru yake yaikulu si kumeza poizoni n'kumupirira, koma kumuletsa kuunjikana m'kati. Mwa Suillus bovinus zinaoneka bwino kuti wopirira amatulutsa zinki kunja mofulumira kuposa wosapirira.

Palinso chitetezo china pambuyo pa alonda a pachipata. Zitsulo zina zimamatirira pa chikopa cholimba chokuta tiulusi, osalowa n'komwe. Zimene zalowa zimagwidwa ndi timapuloteni tating'ono totchedwa metallothionein, tokhala ndi sulufule wambiri amene amamanga chitsulo ngati ulimbo ugwira mbalame. Puloteni ya mtundu umenewu inayamba kupezeka mu impso ya hatchi mu 1957, ndipo pambuyo pake yapezeka mwa anthu, zomera ndi bowa. Mwa Paxillus involutus muli jini yake yotchedwa PiMT1, ndipo mwa Hebeloma cylindrosporum muli HcMT1 ndi HcMT2, zomwe zimadzuka bowa akakumana ndi mkuwa kapena cadmium. Pomaliza pali majini okonza zowonongeka, chifukwa zitsulo zikachuluka m'selo zimayambitsa tinthu toukali ta okosijeni timene timadya khungu la selo ndi DNA monga dzimbiri lidyera khasu.

Funso lachiwiri la ana anu linayankhidwa bwino mu 2020, pamene Anna Bazzicalupo, Sara Branco ndi anzawo, pamodzi ndi a ku Hasselt, anawerenga DNA yonse ya Suillus luteus wochokera pamalo oipa ndi abwino a ku Belgium komweko. Sanapeze jini imodzi yachilendo. Sanapezenso kuti bowa wa pafupi ndi mafakitale wasanduka fuko lakelake, pakuti njere za bowa zimauluka ndi mphepo ndipo magulu awiriwa akusakanikiranabe. Chimene anapeza ndi kusiyana kwakung'onokung'ono komwazikana m'majini ambiri: pena chilembo chimodzi cha DNA chasintha, pena jini yomweyo yabwerezedwa kangapo, ndipo zambiri mwa izi zili m'majini oletsa zitsulo kulowa, ozisunga, ozimanga ndi okonza zowonongeka. Bowa awiri opirira mofanana akhoza kukhala ndi kasakanizidwe kosiyana ka majiniwa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pano ndi momwemo.

Ine ndikuona kuti phunziro lalikulu kwa ana anu lili pa mfundo yakuti kusiyana kumeneku kunapezeka ngakhale mwa bowa wa m'nkhalango zabwino. Fakitale sinaphunzitse bowa chinthu chatsopano. Inangopeta, monga mayi apeta mphale pa lichero: amene anali ndi kasakanizidwe koyenera anatsala n'kubereka, ena onse anafa pamalopo. Zonsezi zachitika m'zaka zosafika 200, ndipo ndi chitsanzo choyera cha kusankha kwa chilengedwe chimene mumaphunzitsa, choyenera kuikidwa pa bolodi pambali pa udzudzu umene unasiya kufa ndi mankhwala opopera.

Funso: Kwathu ndi ku Chipata koma ndinakwatiwa ku Kabwe. Nyengo ya mvula anthu amagulitsa bowa m'misewu, ndipo ana anga amamukonda. Ngati bowa ali ndi mphamvu yokana zitsulo, kodi ndiye kuti ngakhale womera kufupi ndi milu ya zinyalala za mgodi wakale ndi wabwino kudya?

Yankho: Ayi mayi, ndipo ndikupemphani kuti pa ichi musakayike. Kupirira kwa bowa kumatanthauza kuti iye mwini safa. Sikutanthauza kuti alibe poizoni. Taona pamwambapa kuti njira imodzi ndi kutulutsa chitsulo kunja, koma njira ina ndi kuchimanga n'kuchisunga m'thupi, ndipo bowa wotsatira njira yachiwiriyi akhoza kukhala wonenepa ndi wooneka bwino pomwe m'kati mwake mwadzaza. Akatswiri a ku Czech Republic anapeza bowa wotchedwa Amanita strobiliformis ali ndi siliva woposa mamiligalamu 1,000 pa kilogalamu ya bowa wouma, ndipo amene amamumanga ndi timapuloteni ta metallothionein tomwe tija. Mitundu ina imakoka cadmium, ina mercury, ina arsenic. Ngakhale bowa wotulutsa zinki kunja amangochepetsa. Womera pa nthaka yoipa amakhalabe ndi zitsulo zambiri kuposa womera pa nthaka yabwino. Ndi maso simungazindikire, ndi lilime simungamve.

Mgodi wa ku Kabwe m'dziko la Zambia, umene kale unkatchedwa Broken Hill, unatulutsa mtovu ndi zinki kwa zaka pafupifupi 90 mpaka unatsekedwa mu 1994, ndipo miyala ya zinki nthawi zambiri imayenda ndi cadmium. Kunena mwachilungamo, mitundu yambiri ya bowa sikoka mtovu mwamphamvu monga ikokera cadmium, ndipo njira yaikulu imene mtovu umalowera m'matupi a ana a ku Kabwe ndi fumbi ndi dothi la pabwalo, la m'manja ndi la pa zakudya. Koma bowa amatuluka m'dothi lomwelo, ndipo mvula ikamenya pansi imathovutsira matope m'timizere ta kunsi kwa chipewa, momwe n'movuta kutsuka. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza, ndiponso kuti mwana wamng'ono amayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu pa zimene wameza. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula. Cadmium amaunjikana mu impso kwa zaka zambiri n'kufooketsa mafupa, monga zinachitikira alimi a m'chigwa cha mtsinje wa Jinzu ku Toyama, m'dziko la Japan, amene anadya mpunga wothiriridwa ndi madzi ochokera ku mgodi n'kudwala nthenda yoopsa yotchedwa itai-itai.

Kutsuka kumachotsa fumbi la kunja kokha. Kuwiritsa n'kutaya madzi kumachepetsako pang'ono, koma moto supsereza chitsulo, ndipo kuyanika kumangochotsa madzi, chitsulo n'kutsala chonse m'mfutso. Choncho funsani wogulitsa kumene wazula. Bowa wa ndelema ndi manyame wochokera m'nkhalango za kutali ndi tauni, kumene kulibe milu ya mgodi ndiponso kumene fumbi lake silifika, ndi ndiwo yabwino ndipo musawamane ana anu. Wozulidwa pafupi ndi milu, m'mbali mwa ngalande yochokera ku mgodi kapena m'makomboni oyandikana nawo, musiyeni ngakhale atatchipa motani. Ngati ana anu sanayezedwepo mtovu m'magazi, pitani nawo ku chipatala mukafunse za kuyezetsa kumeneko.

Funso: Ndimagwira ntchito yobzala mitengo pa malo okumbidwakumbidwa ku Copperbelt, ndipo mbande zathu zambiri zimafa chaka choyamba. Kodi sitingaitanitse bowa wa ku Belgium uja kuti atiyeretsere nthaka?

Yankho: Bambo, maganizo anu ali pa njira yoyenera, koma pali zinthu zitatu zofunika kuziwongola. Choyamba, n'zoona kuti bowa wopirira amateteza mtengo. A ku Hasselt analera mbande za paini wa mtundu wa Pinus sylvestris, zina ndi bowa wopirira, zina ndi wosapirira, n'kuzithirira madzi okhala ndi zinki, mkuwa kapena cadmium. Mbande zokhala ndi bowa wopirira zinapitiriza kuyamwa zakudya bwino, ndipo pa zinki ndi cadmium chitsulo chofika m'masamba chinali chochepa, pomwe kwa zinazo bowa ankayamba kufooka, mbande n'kutsatira. Ku New Caledonia, chilumba cha m'nyanja ya Pacific chimene nthaka yake ili ndi nickel wambiri mwachilengedwe, kwapezekanso bowa wotchedwa Pisolithus albus wopirira nickel ndi wothandiza mbande kukula pa nthaka yotere. Koma bowa sayeretsa nthaka. Chitsulo sichiola ngati mafuta kapena manyowa; chimangosuntha malo. Phindu la bowa ndi lakuti mtengo umakhala ndi moyo, mizu yake n'kugwira dothi, masamba n'kuphimba pansi, kotero kuti mphepo siulutsanso fumbi kupita m'nyumba za anthu ndipo mvula sikokololera matope mu mtsinje wa Kafue. Phindu limeneli ndi lalikulu, koma mkuwa umakhalabe pomwepo, ndipo malowo sayenera kulimidwa chimanga kapena ndiwo zamasamba.

Chachiwiri, kupirira chitsulo chimodzi si kupirira zonse. Bowa wa ku Lommel anapetedwa ndi zinki ndi cadmium, pomwe vuto lanu ndi mkuwa ndi cobalt, nthawi zina pamodzi ndi asidi. Wopirira mkuwa amene a ku Hasselt anagwiritsa ntchito anachokera pa nthaka ina, yoipitsidwa ndi mkuwa. Chachitatu, Suillus ndi bwenzi la mitengo ya banja la paini basi. Sangakute mizu ya mitengo ya msuku, mombo, tsamba kapena mchenga. Mukamuitanitsa muyenera kubzala paini, ndipo amene anaona mmene paini wa mtundu wa Pinus patula anafalikira pa phiri la Mulanje n'kupanikiza zomera za pamalopo amadziwa kuti chisankho chimenechi sichopepuka.

Chimene ndingakulangizeni ndi kuyang'ana pafupi. Mitengo yambiri ya m'nkhalango zathu za miombo, kuphatikizapo inayi ndatchulayi, imakhala ndi bowa wokuta mizu monga paini, ndipo n'chifukwa chake ndelema ndi manyame zimasowa nkhalango ikadulidwa ndiponso sizilimika m'munda. Bowa wa pachulu ndi wina. Iye bwenzi lake ndi chiswe, osati mtengo. Ku Copperbelt ndi ku Katanga m'dziko la DR Congo kuli malo amene miyala ya mkuwa inafika pamwamba mwachilengedwe, pomwe mitengo imalekeza n'kusiya dambo loyera, ndipo ofufuza migodi akale ankazindikira malo otere poona kaduwa kotchedwa Ocimum centraliafricanum. Kupeta kumene ku Lommel kwachitika zaka zosafika 200, m'mbali mwa madambo amenewa kwakhala kukuchitika kwa zaka masauzande ambiri. Ngati kuli bowa wopirira mkuwa woyenera mitengo yathu, poyamba kumufunafuna ndi pansi pa mitengo yomalizira m'mphepete mwa madambowo, ndi pansi pa mitengo imene yamera yokha pa milu yakale ya migodi.

Ntchito yoyamba mukhoza kuiyamba mvula ino popanda zipangizo zodula. Mukapeza bowa pamalo otere, lembani tsiku, malo enieni ndi dzina la mtengo umene wamera pansi pake, mumujambule pamwamba ndi kunsi, kenaka mumuike m'thumba lapepala, osati lapulasitiki chifukwa amaola msanga. Wina muyanike kuti akazindikiridwe dzina, wina mupite naye akadali wamuwisi kwa aphunzitsi a zankhalango kapena a sayansi ya zamoyo pa yunivesite imene muli nayo pafupi, kuti akadule kachidutswa n'kukalera m'kambale kokhala ndi mkuwa. Pakadali pano, podzaza machubu ku nazale yanu, sakanizani dothi ndi kadothi pang'ono kotengedwa pamwamba pa mizu ya mtengo wathanzi wa mtundu womwewo umene mukufesa, womera pa nthaka yofanana ndi kumene mukabzale. Musiye mizere ingapo yopanda kadothiko kuti muyerekeze, ndipo patapita miyezi itatu kapena inayi muzule mbande zingapo mu mzere uliwonse, mutsuke mizu m'beseni, muone ngati nsonga zake zavala kansalu kaja.